Nanga Amene Sanalembe Mayeso Ali Kuti?

Chaka chilichonse zotsatira za mayeso zikatuluka, makolo timafunsana funso limodzi lokha: apambana angati? Akachuluka timayamika aphunzitsi, akachepa timawanena m'njira yopita kumunda. Koma makolo anzathu a kwa Tembwe ndi a m'boma lonse la Chama, pali funso lina limene sitilifunsa, ndipo ndilo lalikulu: ana onse aja amene anayamba pamodzi giredi 1, anafika angati m'chipinda cha mayeso?

Bungwe la Examinations Council of Zambia limawerengera ana amene analembetsa mayeso. Mwana amene anasiya sukulu asanalembetse samveka pa pepala lija, pakati pa opambana kapena pakati pa olephera. Choncho sukulu ingathe kutchuka kuti yachita bwino, pamene ana ambiri anatayika kale panjira. Pepala loyenera kulipenya ndi kaundula wa m'kalasi, momwe mphunzitsi amaitana maina m'mawa uliwonse.

Tikatsegula kaundulayo tiona zinthu zitatu. Choyamba ndi atsikana. M'makalasi oyamba amakhala ochuluka ngati anyamata, koma akamafika m'makalasi apakati, amene tinazolowera kuwatcha giredi 8 ndi giredi 9, maina awo amayamba kufufutidwa. Wina watenga pathupi, wina wapatsidwa mwamuna, wina wauzidwa kuti akhale pakhomo azilera azing'ono ake. Chachiwiri ndi msinkhu. Mwana wa kumudzi wakutali amayamba sukulu mochedwa chifukwa miyendo yake siingathe mtunda, ndipo pofika m'makalasi apakati ali kale mnyamata wamkulu wochita manyazi kukhala pa benchi limodzi ndi ana. Chachitatu ndi mipata ya masiku. Nthawi ya dzinja mitsinje yothira m'Luangwa ikadzaza, ana a tsidya lina amakhala kwawo. Mpunga ukayamba kucha amapita kukaingitsa mbalame, usiku amathandiza kulonda njovu, kenaka ikudza ntchito yotola thonje. Mwana wotere akalephera masamu timati alibe nzeru, chikhalirecho sanamve theka la zimene anzake anaphunzira.

Palinso katundu wina amene ana athu amasenza osadandaula. Kunyumba amalankhula Chisenga, chilankhulo chimene sichili pakati pa zisanu ndi ziwiri zophunzitsidwa m'masukulu a dziko lino. Kusukulu amakumana ndi Chinyanja, ndipo mayeso ambiri amalemba m'Chingerezi. Mwana amene wapambana atadutsa m'zilankhulo zitatu ayenera ulemu waukulu, ndipo amene wakhumudwa ayenera kuthandizidwa, osati kusekedwa.

Kale tinali ndi chowiringula, ndipo chinali choona: ndalama. Koma boma lakhala likuchotsa zopinga chimodzichimodzi. Mu 1997 linalola kuti mtsikana amene wabereka abwerere kusukulu. Mu 2002 linachotsa malipiro kuyambira giredi 1 mpaka giredi 7. Lamulo la maphunziro la 2011 linaletsa kukwatitsa mwana wa sukulu. Mu Januwale 2022 maphunziro aulere anafika mpaka kumapeto kwa sekondale m'masukulu a boma. Mu 2023 lamulo la ukwati linakonzedwa kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja, ngakhale ukwatiwo ukhale wa mwambo wa kumudzi. Kuyambira 2025 dongosolo latsopano layamba kusintha makalasi, ndipo mwana wochoka ku pulayimale akulowa Fomu 1. Maina a makalasi asinthe motani, zaka zoopsa ndi zomwezija, pamene mwana watha msinkhu ndipo mudzi wayamba kumuyang'ana ngati wamkulu.

Sitikunena kuti mavuto atha. Yunifomu, makope, sopo ndi nsapato zikufunabe ndalama, ndipo makalasi adzaza kotero kuti mphunzitsi mmodzi sangadziwe mwana aliyense. Pachifukwa chomwechi udindo wabwerera kwa eni ana. Msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri, m'chikalata chake cha maphunzira a chikhristu cha 1965, unaphunzitsa kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba ndi aakulu a ana awo. Boma lingamange sukulu, koma silingalowe m'nyumba mwathu kukadzutsa mwana m'mawa, ndiponso silikhalapo pamene ankhoswe akukambirana za mtsikana wa zaka 15.

Tikumbuke fanizo la nkhosa yotayika limene Ambuye Yesu anaphera, monga timawerenga m'mutu 15 wa Luka Woyera. Mbusa uja anadziwa kuti imodzi yasowa chifukwa anali ndi chizolowezi chowerenga nkhosa zake. Akadangoyang'ana khola n'kuona kuti ladzaza, akadagona tulo.

Tsono tikupempha miphakati yonse kuti ichite ntchito imeneyi teremu ino. Mphakati uliwonse ulembe maina a ana ake onse a msinkhu wa sukulu, Akatolika ndi ena omwe, ndi kalasi ya aliyense. Pakutha pa teremu maina aja awerengedwenso. Pamene dzina lasowa, akuluakulu awiri, bambo ndi mayi, apite ku banjalo mwaulemu, osati kukaweruza koma kukamva chimene chavuta. Ngati ndi pathupi, akambirane ndi aphunzitsi aakulu za tsiku lobwerera. Ngati ndi munda, mabanja asinthane polonda kuti ana asajombe. Ngati ndi ukwati, nkhaniyo ifike kwa anyakwawa ndi kwa bambo mfumu msanga, chimalo chisanalandiridwe.

Ndipo pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, akatha kutiuza za opambana, mmodzi wa ife aimirire ndi kufunsa mofatsa kuti anayamba angati, atsikana angati ndi anyamata angati, ndipo atsala angati. Ambuye adalitse mabanja athu ndi ana amene anatisungitsa.