Lamulo la nyumba ku Joni silifunsa pasipoti

Abale athu ambiri amene ali ku Johannesburg sadziwa kuti mwini nyumba alibe mphamvu yowatulutsira katundu panja popanda chigamulo cha khoti. Gawo 26 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa limateteza munthu aliyense, mbadwa ndi mlendo yemwe. Lamulo loona za kuchotsa anthu m'nyumba la PIE la 1998 limawonjezera kuti woweruza ayambe waganizira okalamba, ana, anthu aulumali ndi mabanja oyang'aniridwa ndi amayi.

Papepala n'zokoma. Koma pepala lokha silinaletsepo munthu kugona pamsewu. Anthu 86 amene ankakhala m'nyumba zakutha pa Saratoga Avenue ku Berea, mmodzi mwa iwo mwana waulumali, anakana kubalalika pamene kampani ya Blue Moonlight inafuna malowo. Anamenya mlandu kwa zaka, mpaka pa 1 December 2011 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linalamula khonsolo ya mzindawu kuti iwapezere pokhala asanachotsedwe.

Khonsoloyo inamvera mokoka miyendo. Ena inawaika kumalo otchedwa Ekuthuleni, kumene mwamuna ndi mkazi wake ankagonekedwa zipinda zosiyana ngati ana asukulu, ndipo kukacha aliyense ankatulutsidwa, chitseko n'kukhomedwa mpaka madzulo. Tangoganizani mayi wa mwana woyendera njinga ya olumala, kapena gogo wosaona, akuuzidwa kuti akaswere mumsewu. Anthuwo anabwereranso kukhoti, ndipo mu 2017 malamulo ankhanzawo anathetsedwa.

Ife tikuona kuti chimene chinawapulumutsa n'chakuti sanapite mmodzimmodzi. Apa m'pamene Amalawi amatidandaulitsa. Ambiri amathawa misonkhano ya okhala m'nyumba zoterezi poopa kufunsidwa mapepala, ndipo mantha amenewo sitikuwaseka. Komabe alonda olembedwa ganyu akafika mbandakucha kudzatulutsa anthu, wamiyendo amanyamula chikwama n'kuthawa. Wotsala pamasitepe ndi waulumali.

Moto umene unapha anthu 76 m'nyumba ya Usindiso pa 31 August 2023, ena mwa iwo Amalawi, unabuka m'nyumba ya khonsolo yomweyo. Tikupempha magulu a Amalawi ku Joni, amene amasonkherana mwachangu ndalama zotumizira maliro kumudzi, kuti alembenso mayina a abale aulumali ndi kumene akukhala, ndipo apite nawo kwa maloya a bungwe la SERI ndi ku gulu la Inner City Federation chikalata chowathamangitsa chisanabwere.