Matimu Athu Akhala Opemphetsa Mpaka Liti?



Sabata ino tikufuna kulankhula mosapsatira mawu pa nkhani imene imatiwawa mumtima chaka ndi chaka. Ife ochemerera mpira m'dziko muno tatopa. Tatopa kuona matimu amene timawakonda akuwala kuno kwathu, koma akangodutsa malire n'kubwerako atasenza zigoli. Tatopa kumva kuti osewera akana kuchita zokonzekera chifukwa sanalandire malipiro awo. Tatopanso kuuzidwa kuti wolakwa ndi mphunzitsi, ndipo kuti akangochotsedwa iyeyo zonse zikhala bwino. Ife tikuti gwero la matendawa lili pena. Matimu athu akuluakulu anazolowetsedwa kukhala opemphetsa, odalira thumba la bwana mmodzi, ndipo ochemerera, amene ndiwo moyo wa timu, sauzidwa mmene ndalama zimalowera ndi mmene zimatulukira.

Pasapezeke wina wotinamiza kuti Amalawi alibe luso. Timu yathu ya dziko, Flames, inatenga chikho cha CECAFA mu 1978, mu 1979 ndiponso mu 1988. Mu 2010, ku mpikisano wa maiko a mu Africa umene unachitikira ku Angola, anyamata a Kinnah Phiri anathira Algeria zigoli zitatu kwa duu, ogoletsa ali Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Kumayambiriro kwa 2022 ku Cameroon, Flames inafika m'ndime ya matimu 16, ndipo chigoli chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ali kutali ndi golo chinaonetsedwa pa dziko lonse lapansi. Alongo athu a Scorchers anatenga chikho cha COSAFA mu 2023, ndipo Temwa Chawinga anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024. Luso ndiye lilipo, ndipo likubadwa tsiku ndi tsiku m'mabwalo a fumbi momwe ana athu amamenyera mpira wachikulunga opanda nsapato. Nanga tsono lusoli limakafera kuti?

Tiyeni tikumbuke chaka cha 2004. Chaka chimenecho Bullets, imene panthawiyo inkatchedwa Bakili Bullets chifukwa ankaithandiza anali mtsogoleri wa dziko a Bakili Muluzi, inafika m'ndime ya magulu ya CAF Champions League. Inapikisana ndi akatswiri monga Enyimba ya ku Nigeria ndi Étoile du Sahel ya ku Tunisia. Amalawi tinayenda chotukula mutu, pakuti zinaoneka poyera kuti wosewera wathu akadya bwino, akalandira malipiro pa nthawi yake ndi kukonzekera mokwanira, saopa munthu. Koma thandizo la munthu mmodzi uja litatha, timu yomweyo inagwa m'ngongole ndipo kwa zaka zingapo inkayenda ndi mbale yopemphera. Kuchokera chaka chimenecho kufikira 2025, palibenso timu ya ku Malawi imene inapondako m'ndime imeneyo. Akulu akale anati khasu lobwereka silikhalira kuthyoka. Ulemerero wa 2004 unalimidwa ndi khasu lobwereka, ndipo mwini wake atalitenga tinatsala manja lendee.

Mukafuna kuona kukula kwa vutoli, ingowerengani maina amene matimu athu akhala akutchedwa. Maule akhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets ndi Nyasa Big Bullets. Manoma akhalapo Yamaha Wanderers, Limbe Leaf Wanderers, MTL Wanderers, Be Forward Wanderers ndi Mighty Mukuru Wanderers. Dzina lililonse pamenepa ndi chikumbutso cha wothandiza amene anabwera, ndipo ambiri mwa iwo anapita. Sitikunyoza makampaniwa ayi, pakuti anachita mbali yawo ndipo kampani ili ndi ufulu wochoka malonda akavuta. Funso lathu likupita kwa amene ankayendetsa matimuwa pa zaka zonsezo: m'masiku a zokolola zambiri, munasunga chiyani m'nkhokwe? Kodi si zochititsa manyazi kuti matimu awiri amene anayamba m'zaka za m'ma 1960, okhala ndi ochemerera kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, anatha zaka zoposa makumi asanu akusewera pa bwalo la eni, n'kumalipira gawo la ndalama za pakhomo kwa mwini bwalo? Pamene kampani ya ku Japan ya Be Forward inasiya kuthandiza Wanderers mu 2021, osewera anavutika mpaka panapezeka munthu wina wakufuna kwabwino wowombola timuyo. Tikumuthokoza. Koma akanapanda kupezeka bwanji?

Yankho la funso limeneli lili m'manda a matimu amene analibe wowaombola. MDC United inatenga ligi mu 1988. Escom United inatenga ligi mu 2007. Achinyamata ambiri amene mukuwerenga pano simunaonepo matimu amenewa akusewera, pakuti mabungwe amene ankawadyetsa atatseka dzanja, matimuwo anazimirira ngati mame. Matimu ena monga Silver Strikers, Blue Eagles, Kamuzu Barracks, Moyale Barracks ndi Civil Service United amakhazikika chifukwa kumbuyo kwawo kuli banki yaikulu ya dziko, apolisi, asilikali kapena boma. Koma timu ya m'tauni kapena ya paboma, imene ilibe bambo wotere, imalowa mu ligi yaikulu ndi nthungululu, kenaka n'kumasowa ndalama ya mafuta a basi yopitira ku Karonga. Ligi imene theka la matimu ake likulimbana ndi njala siingasule akatswiri oti akaime pamaso pa Al Ahly kapena Mamelodi Sundowns.

Tsopano tifike pa chipata cha bwalo, pomwe pali bala lalikulu. Maule ndi Manoma akamakumana, bwalo limadzaza mpaka ena kusowa pokhala. Koma ndalama zikawerengedwa madzulo, kangati pamene tamva chiwerengero chosagwirizana ndi khamu limene maso athu anaona? Pa ndalama zotsalazo pamachoka gawo la mwini bwalo, la achitetezo ndi la mabungwe oyendetsa masewero, ndipo wosewera amene anakhetsa thukuta kwa mphindi 90 ndiye womaliza kuganiziridwa. Nyuzipepala zathu zakhala zikulemba kwa zaka zambiri za matikiti achinyengo ndi za anthu olowetsa anzawo pa mtengo wa m'thumba. Munthu amene amaba pa chipata sabera timu yokha. Amabera mnyamata amene anasiya zonse n'kudalira miyendo yake, yemwe ntchito yake ingathe lero lomwe bondo likangothyoka. Amabera mkazi ndi ana a mnyamatayo. Tonse tikuwadziwa akatswiri akale amene tinkawaimbira nyimbo, koma atadwala anachita kupemphetseredwa pa wailesi. Kumana wantchito malipiro ake ndi tchimo lolira kumwamba, kaya wantchitoyo agwira khasu, kaya avala jezi.

Ena atiyankha kuti: "Dziko lathu ndi losauka, musayembekezere zambiri. Thokozani kuti pali anthu amene akuponyako kangachepe." Mawuwa ali ndi choonadi pang'ono, koma asanduka bulangete lofunditsa ulesi. Tiyeni tiyang'ane kwa anansi athu a ku Tanzania, amene kale Flames inkalimbana nawo mosaopa. Young Africans inafika m'ndime yomaliza ya CAF Confederation Cup mu 2023, ndipo Simba inafikanso pomwepo mu 2025. Matimu amenewa nawonso ali ndi anthu achuma kumbuyo kwawo, koma sadalira iwo okha. Ali ndi mamembala olembedwa m'kaundula amene amalipira chaka ndi chaka, amagulitsa majezi awo mwadongosolo, ndipo mu 2021 ligi yawo inasainirana mgwirizano wa zaka khumi ndi kampani ya Azam woonetsa masewero pa kanema. Zotsatira zake tinazilawa tokha. Simba inatulutsa Bullets mu mpikisano wa CAF mu 2022. Mu 2025 Silver Strikers inagonjetsa Young Africans 1-0 ku Lilongwe, koma inakagonja 2-0 ku Dar es Salaam. Chipambano cha ku Lilongwe chija chikutiuza kuti pa tsiku limodzi mnyamata wathu angafanane ndi wina aliyense. Chimene chimatisiyanitsa ndi dongosolo la chaka chonse.

Ndipo umboni wina uli konkuno. Bullets itayamba kuyendetsedwa ngati kampani, malipiro n'kumabwera pa nthawi yake, timu ya achisodzera n'kumasamalidwa, inatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 mpaka 2023, ndipo mu 2023 inasesa zikho zonse zinayi zikuluzikulu za m'dziko muno. Sikuti anyamatawo anamera miyendo yatsopano ayi. Dongosolo ndilo linasintha. Ngati kusintha pang'ono kotere kunabala zipatso zotero, nanga kukanakhala bwanji matimu onse akanakhala ndi chuma chawochawo?

Boma nalonso lisathawe mlandu. Bwalo la Kamuzu ku Blantyre, komwe kuli matimu awiri okondedwa kwambiri, lakhala likutsekedwa ndi kutsegulidwa kwa zaka zambiri chifukwa cha kukalamba. Mu 2021 Flames inasewera masewero ake "apakhomo" olimbirana malo ku World Cup pa bwalo la Orlando ku Johannesburg, popeza mabwalo athu sanavomerezedwe, kuphatikizapo la Bingu limene linali litangotsegulidwa mu 2017. Kumanga bwalo n'kulephera kulisamala kuli ngati kubereka mwana n'kumumana phala.

Pali gulu linanso limene tiyenera kulitchula poyera. Awa ndi anthu odzitcha masapota amene asandutsa timu munda wawo. Salipira pa chipata, koma ndiwo oyamba kufuna gawo la ndalama. Amaopseza aphunzitsi, amalamula amene asewere, amatolera ndalama zoti akapatse asing'anga pamene osewera alibe madzi akumwa, ndipo timu ikagonja amatola miyala. Mu December 2013 munthu anataya moyo pa bwalo la Balaka pa zipolowe za masewero a Wanderers ndi Silver Strikers. Kodi pali chikho chimene chingalipire moyo wa munthu? Ndi kholo liti limene lingatenge mwana wake kupita kumalo kotere? Ndi kampani iti imene ingaike dzina lake pa jezi yonunkha utsi wokhetsa misozi? Anthu amenewa satiimira ife, ndipo atsogoleri amene amawaweta kuti aziwavotera pa zisankho ndiwo adani enieni a matimu athu.

N'chifukwa chake tikadutsa pa nyumba zoonetsera mpira Loweruka masana n'kupeza achinyamata atadzaza kuonera Arsenal ndi Manchester United, sitifulumira kuwaweruza. Munthu amapita komwe akulandira zolingana ndi ndalama yake. Koma tikumbukire kuti Arsenal ikatenga chikho, palibe mwana wa ku Ndirande kapena wa ku Kawale amene amapeza ntchito. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Timu ya kwathu ikalimba, amadya ndi wosewera, wosoka majezi, woyendetsa minibasi, ngakhale mayi wogulitsa mandasi kunja kwa bwalo.

Tsono ife tikufuna chiyani? Choyamba, timu iliyonse ya mu ligi yaikulu izisindikiza chaka chilichonse lipoti la chuma lofufuzidwa ndi akatswiri oima paokha, kuti wochemerera aliyense athe kuwerenga. Chachiwiri, pakhale kaundula weniweni wa mamembala, woti munthu akalipira alandire khadi, risiti ndi mawu pa msonkhano waukulu. Dziko limene anthu amatumizirana ndalama pa foni mpaka kumidzi silinganene kuti zimenezi n'zosatheka. Chachitatu, ndalama za pa chipata zisamadutsenso m'manja mwa anthu, matikiti azigulidwa pa foni m'masewero onse. Chachinayi, FAM ndi SULOM asamapereke chilolezo kwa timu imene ili ndi ngongole ya malipiro a osewera, kaya timuyo ndi yaikulu chotani. Chachisanu, pa ndalama iliyonse ya wothandiza pazichoka gawo lomangira zinthu zokhalitsa, monga bwalo lochitira zokonzekera ndi sukulu ya ana aluso, pakuti kuongola mtengo mpoyamba.

Kwa inu achinyamata anzathu tikuti: mkwiyo wanu ndi woyenera, koma muulunjikitse pamalo pake. Musautaye pa goloboyi amene waphonya mpira ali ndi njala, kapena pa galasi la basi ya alendo. Lowani pa chipata mutalipira, gulani jezi yeniyeni ngati mungathe, lembetsani umembala pomwe ulipo, ndipo mukatero funsani molimba mtima kuti: "Ndalama yathu yapita kuti?" Wolipira ali ndi ufulu wofunsa, ndipo atsogoleri amaopa funso la anthu zikwi khumi okhala ndi marisiti kuposa miyala ya anthu makumi awiri. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene tikumva kuwawa ndife, choncho tisadikire bwana wina kuti adzatitsekulire.