Tisanamlange, Timfunse Kumene Wagona

Ndiloleni ndinenepo mawu pang'ono pa nkhani imene yandisautsa mumtima.

Pamene ndinali m'Sitandade 8 tinali ndi mnyamata wina amene ankafika mochedwa pafupifupi tsiku ndi tsiku. Ife tinkamseka, ndipo iye ankapatsidwa chikwakwa kuti akatchetche udzu. Tsiku lina ndinamfunsa. Iye anandiuza kuti makolo ake anamwalira, ndipo anali kuleredwa pakhomo pa achibale. Asananyamuke ankayamba watunga madzi, kusesa pabwalo ndi kutsuka mbale; usiku ankagona m'khitchini, mopanda nyali yowerengera. Mayeso asanafike analeka sukulu. Masamu ankatiposa tonse.

Kodi ana otere ndi ochepa? Iyayi ndithu. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula nyumba ku Chilobwe mu Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Anthu oposa 500,000 anasowa pokhala, ndipo ambiri anagona m'makalasi. Ena mwa ana aja lero ali m'sukulu za sekondale monga yathu ino, koma akukhalabe pamakomo a eni.

Boma lachitapo mbali yake. Lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana limanena za mwana woleredwa ndi anthu amene sanamubale. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amapereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa. Zonsezi nzabwino, koma lamulo silidziwa kuti uje wabwera ndi njala lero. Wodziwa ndi mphunzitsi wake ndi mnzake wokhala naye pa desiki.

Ku America kuli lamulo lotchedwa McKinney-Vento, la m'chaka cha 1987. Lero lamuloli limalamula kuti mwana wosowa pokhala alembedwe sukulu nthawi yomweyo ngakhale alibe zikalata, ndiponso kuti pakhale munthu woikidwa kuyang'anira ana otere. Ife chuma cha Amereka tilibe, koma nzeru imeneyi siigulidwa ndi ndalama.

Tsono ndipempha zinthu zitatu. Choyamba, pasankhidwe aphunzitsi awiri, bambo ndi mayi, amene mwana angawauze mavuto ake kuseri. Iwo ndiwo akamnenere ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma. Chachiwiri, mwana wochedwa kapena wosowa yunifolomu afunsidwe chifukwa chake asanalangidwe, ndipo dzina lake lisatchulidwe pa asembule. Chachitatu, ife a Fomu 4 pochoka tisiye yunifolomu ndi mabuku athu, m'malo mozilembalemba ndi inki tsiku lotsiriza.

Wina adzati, "Nanga aulesi sadzabisala m'menemo?" Inde, mmodzi kapena awiri angatinamize. Koma kunamizidwa ndi waulesi mmodzi nkwabwino kusiyana ndi kutaya mwana wanzeru amene alibe womlankhulira.

Kwa mwana wotere sukulu ndiyo malo okhawo amene sasintha. Tisamthamangitsenso pamenepa. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Wophunzira wa Fomu 4