Temwa Chawinga anayambira pa chikulunga

M'chaka cha 2023, wosewera mpira wamiyendo amene anamwetsa zigoli zambiri m'maligi akuluakulu a dziko lonse lapansi, kuphatikiza amuna ndi akazi omwe, anali mtsikana wa ku Rumphi. Temwa Chawinga anagoletsa zigoli 63, kuwerengera za timu yake ya ku China ndi za timu ya dziko lathu. Cristiano Ronaldo, uja ana athu amavala dzina lake kumsana, anathera pa 54.

Za zigoli tiwasiyire a pa wailesi. Ife m'danga lino tione kumene mwanayu anachokera, chifukwa zaka za ubwana wake ndi zomwezo zimene ana athu alimo lero, ndipo zaka zimenezi zili m'manja mwa ife makolo.

Temwa anabadwa m'chaka cha 1998. Mkulu wake, Tabitha, ndi wa 1996. Onse awiri anakulira kumudzi, akusewera mpira wachikulunga pamodzi ndi anyamata, ndipo akhala akunena poyera kuti makolo awo sankafuna kuti azisewera. Tabitha ndiye anayamba kuchoka pakhomo, napita ku Lilongwe ali wamng'ono kukasewera timu ya DD Sunshine. M'chaka cha 2014, ali ndi zaka 18, anapita ku Sweden, ku timu yaing'ono ya Krokom/Dvärsätts IF, kenako ku Kvarnsvedens IK. Temwa anasewera Blantyre Zero, ndipo m'chaka cha 2017 anatsatira mkulu wake ku Kvarnsveden komweko. Kuchoka uko anapita ku Wuhan m'dziko la China m'chaka cha 2020, ndipo pofika 2024 anali ku America, ku timu ya Kansas City Current. Chaka choyamba chomwecho anamwetsa zigoli 20 mu ligi, kuposa 18 za Sam Kerr zimene palibe anali atazipitirira, ndipo anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse. Pakati apo, mu 2023, anathandiza timu yathu ya Scorchers kutenga chikho cha COSAFA itagonjetsa Zambia 2-1.

Ku Sweden kumene anafikira, m'nyengo yozizira nyanja zimaundana, ndipo ana ambiri amakulira pa masewera a hoki ya pa ayezi. Mwana wa kumeneko amayamba asanalowe n'komwe sukulu, atavala chisoti ndi zotchinga mawondo, mphunzitsi ali pambali, kholo litakhala pa benchi. Wathu anafika kumeneko atakulira pa mpira wa majumbo. Luso analipeza yekha pafumbi. Chimene ndimadzifunsa n'chakuti, ndi atsikana angati a kwa Kanduku, kwa Nthache kapena ku Thambani amene ali ndi miyendo ngati imeneyo koma anasiya chifukwa kunyumba kunali ndodo?

Sindikuwaweruza makolo a Temwa, ndipo sindikukuweruzani inu. Mantha a kholo la mwana wamkazi ndimawadziwa, ndipo ena mwa manthawo ndi oona. Koma tiwasiyanitse, chifukwa ena ndi nkhambakamwa chabe.

Tikamayenda m'makomo kuphunzitsa zaumoyo, ndimamva kawirikawiri kuti mtsikana wosewera mpira sadzabereka, kapena kuti thupi lake limauma ngati la mwamuna. Zimenezi si zoona. Kuthamanga sikuwononga chiberekero. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 60 tsiku lililonse, ndipo silinapatule atsikana. Mafupa amamangika kwambiri pa msinkhu umenewu, ndipo kuthamanga ndi kudumpha kumawalimbitsa. Wina adzati, nanga kutunga madzi ndi kusinja si masewera? Thukuta limatuluka ndithu, koma mwana amafunikanso kuseka ndi anzake. Mchimwene wake nayenso amalima, komabe madzulo timamulola kupita kubwalo.

Choopsa chenicheni pa thupi la mtsikana wosewera ndi njala ndi kuchepa kwa magazi. Apa ndikhalitsapo pang'ono. Mtsikana akatha msinkhu amataya magazi mwezi uliwonse, thupi likukulabe, ndiye akawonjezerapo kuthamanga, chakudya chimene chinkamukwana kale sichimukwananso. Mukaona mwana akutopa msanga, akuchita chizungulire, mtima ukugunda kwambiri atangothamanga pang'ono, m'zikope ndi m'manja mwayera, musafulumire kunena kuti ndi ulesi. Pitani naye kuchipatala akamuyeze magazi, ndipo akaonenso ngati si malungo kapena njoka zam'mimba. Chizindikiro china chimene amayi ayenera kuchidziwa ndi ichi: mtsikana wochita masewera kwambiri koma wosadya mokwanira akhoza kusiya kusamba. Ikapita miyezi 3 osaona kumwezi, funso loyamba lisakhale lomukalipira. Mufunseni mofatsa ndipo mupite naye kwa adokotala, chifukwa vutolo likakhalitsa limafooketsa mafupa.

Mwayi wathu kuno ku Mwanza ndi woti zakudya zowonjezera magazi tili nazo pakhomo. Nyemba, nandolo, khobwe, bonongwe, chisoso, mnkhwani wotendera, zonsezi zili ndi ayironi. Ndipo manachesi athu aja timagulitsa m'mbali mwa msewu mpaka kutsala opanda ngakhale limodzi la ana, ali ndi vitamini C amene amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba. Nachesi limodzi pambuyo pa nsima ya nyemba limagwira ntchito yaikulu. Tiyi ndiye amachita zosiyana: akamwedwa pamodzi ndi chakudya amatsekereza ayironiyo. Mwana asapite kubwalo ndi m'mimba mopanda kanthu, ngakhale phala la mgaiwa lothira nsinjiro likwanira, ndipo anyamule botolo la madzi. Zakumwa za m'zitini zimene amati zimapatsa mphamvu zija si za ana. Tulo nato n'tofunika: wachinyamata amasowa maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse, osati kugona ndi foni m'manja.

Bondo likatupa kapena mwana akagunda mutu n'kuyamba kusanza kapena kusokonezeka, masewera athere pomwepo. Atsikana amavulala mtsempha wa m'kati mwa bondo kawirikawiri kuposa anyamata, ndipo kuthowa ndi madzi otentha sikulumikiza mtsempha woduka.

Tsono pali mantha ena amene sindingawachepetse. M'chaka cha 2021 Tabitha anaulula kwa atolankhani kuti ali mtsikana anavulidwapo zovala pabwalo, pamaso pa anthu, ati pofuna kutsimikiza ngati analidi wamkazi, chifukwa ankasewera bwino kwambiri. Taganizani mwana wanu ataima pamenepo. Chipongwe chotere chimakula pamene palibe wamkulu womuyankhulira mwanayo. Ichi n'chifukwa chake ine ndimati kumuletsa sikumuteteza. Mwana woletsedwa amapitabe mozemba, monga anachitira ambiri amene lero tikuwaombera m'manja, ndipo akachitiridwa choipa sabwera kudzanena, poopa kuti afunsidwa kuti kumeneko amakatani. Amene makolo ake amadziwa bwalo limene amasewera, dzina la mphunzitsi wake, nthawi yoweruka, ndipo nthawi zina amayi kapena azakhali ake amakaima m'mbali mwa bwalo, ameneyo anthu amamuopa. Timu ikamapita kukasewera kutali, funsani ngati pali mayi wamkulu amene akupita nawo. Ngati palibe, dziperekeni inuyo.

Kuno ndi kuchipata cha dziko, Zobue ali pafupi, ndipo tikudziwa mmene achinyamata amatengedwera ndi malonjezo a ntchito ku Joni. Mpira nawo uli ndi akamberembere ake. Dziwani kuti malamulo a FIFA salola kuti mwana wosakwana zaka 18 asamutsidwire ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa. Tabitha ndi Temwa onse anatuluka atakwana msinkhu umenewo, ndipo anadzera m'matimu odziwika a kuno kwathu. Munthu akabwera ndi nkhani yoti mwana wanu wa Fomu 2 amupezera timu kunja, mungolipira ya pasipoti ndi ya ulendo, musapereke kanthu musanafunse ku Football Association of Malawi.

Sukulu isaime. Mwa ana onse amene akuthamangitsa chikulunga madzulo ano, odzadya za mpira ndi ochepa zedi, ndipo ngakhale kwa iwowo ntchitoyi imatha munthu akadali ndi mphamvu. Kwa ife palinso nkhani ya Sabata, poti masewera ambiri a maligi amachitika pa tsikuli. Imeneyo ikambidwe ndi mwana poyera akadali wamng'ono, asanafike posankha yekha ali kutali. Koma ikhale yofanana kwa onse. Ndaona makomo ena kumene mnyamata amasewera Lamlungu mpaka Lachinayi popanda womufunsa, pamene mlongo wake akangogwira mpira Lachiwiri amakumbutsidwa za chipembedzo. Lachiwiri si Sabata, ndipo mtsikanayo amaona kusiyanako.