Kapisozi ndi kaulere, koma mwana amupeleka ndani?

Kawiri pa caka Unduna wa Zaumoyo umacita Child Health Week, ndipo ana a miyezi 6 mpaka zaka 5 amadonthezeredwa vitamini A mkamwa. Wa miyezi 6 mpaka 11 amalandira kapisozi ka buluu ka 100,000 IU, wokulirapo kofiira ka 200,000 IU pamodzi ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Palibe kulipira olo ngwee imodzi. Ciwindi cimasunga vitaminiyu, n'cifukwa cake kamodzi pa miyezi 6 kamakwana.

Pamene pavuta muno mu Lusaka ndi pa nthawi. Mai wa ku Kanyama amene agwira basi kusanace kukaoda tomato ku Soweto, kapena wosewenza m'nyumba za ku Kabulonga, amabwera kiliniki itatseka kale. Mwana watsala ndi ambuya, khadi la sikelo lili m'cikwama cokhoma. Ndipo jekeseni yaciwiri ya cikuku ikapita pa miyezi 18, ambiri timaona monga za sikelo zasila. Sizinasile, makapisozi akali kufunika mpaka zaka 5. Amene watsala ndi mwana angathe kumupeleka, malinga mwamusiyira khadi. Atate nawonso saletsedwa pa mzere.

Mwana wopereweredwa vitamini A saoneka wodwala poyamba. Amayamba kupunthwa kukada cifukwa maso saona bwino, ndipo kutsegula m'mimba kapena cikuku zimamugwetsa msanga. Ndiye cifukwa cake wa cikuku kucipatala amapatsidwa kapisozi tsiku lomwelo, kenanso mawa lake.

Wina mu basi adzati, "Manje shuga yathu siili na vitamini A?" Zoona, kuyambira mu 1998 lamulo limafuna kuti shuga yogulitsa m'nyumba iikidwe vitaminiyu. Koma ya m'tumapulasitiki twa pa kantemba simudziwa kumene yacokera, ndipo vitamini A amaonongeka ikakhalitsa padzuwa. Kunena zoona, kuonjezera mwana shuga mu phala pofuna thanzi ndi kuitana matenda ena. Cibwabwa, kalembula kapena bondwe wophika ndi kasaladi pang'ono, mango, papaya, dzira, kandolo wa orenji mkati, izi ndiye za tsiku ndi tsiku. Mafutawo ndi amene amathandiza thupi kutenga vitaminiyu.

Kucuruka nakonso n'koipa. Thupi silitaya vitamini A wotsala, limaunjika. Ofufuza ku Nyimba anapeza ana ambiri ali ndi wopitirira muyeso m'ciwindi. Conco musagule makapisozi ena ku kemisti mwana atalandira kale, ndipo wa pakati asamwe kofiira kaja, kangaononge mwana m'mimba.

Ngati Unduna ufuna ana a m'makomboni asaphonyedwe, anesi aikeko matebulo pa Kulima Tower, City Market ndi m'misika pa Ciwelu, pamene makolo ali.