Lonjezo la Wosewera Tchesi pa Chaka Chatsopano

Chaka chikamapita kumapeto anthufe timakonda kulonjeza. Wina amati chaka chikudzachi aleka fodya, wina amati afolera nyumba yake ndi malata, ndipo mnyamata amene wangomaliza Folomu 4 amalumbira kuti sadzagonanso mpaka dzuwa kumuombera pamphasa. Nafenso osewera tchesi tili nawo malonjezo athu. Lero ndifuna kutsutsa limodzi mwa iwo, limene ndalimva kawirikawiri pakamwa pa ana asukulu ndi aphunzitsi omwe, lakuti: "Chaka chino mapointi anga akwere ndi 200." Ndikulitsutsa chifukwa inenso ndidalonjezapo chomwecho, ndipo kumene lidandifikitsa ndikukudziwa.

Awerengi ena adzafunsa kuti mapointi amenewa ndi otani. Munthu amene adakonza njira yoyezera mphamvu za osewera ndi Arpad Elo, mphunzitsi wa sayansi wobadwira ku Hungary amene adakhazikika ku America. Bungwe loyang'anira tchesi pa dziko lonse la FIDE, lomwe lidayamba mu 1924 ku Paris, lidavomereza njira yake mu 1970. Wosewera aliyense amapatsidwa nambala, imene imakwera akapambana ndi kutsika akagonja. Magnus Carlsen wa ku Norway adafika pa 2882 mu 2014, ndipo palibe wina adafikapo pamenepo. Malinga ndi masamu a Elo, munthu akamposa mnzake ndi mapointi 200 amayembekezeka kutenga magawo 76 pa magawo 100 a zopambana zonse akamasewera awiriwo. Kukwera ndi 200 tsono ndiko kusanduka munthu amene angagonjetse iwe wa chaka chatha katatu pa masewera anayi alionse.

Tiwerengere pang'ono, poti ambiri a inu ndinu aphunzitsi. Kwa wosewera wamkulu amene sanafike 2400, kugonjetsa mnzake wofanana naye mphamvu kumampatsa mapointi 10, ndipo kugonja kumamlanda 10. Kuti akwere ndi 200 ayenera kupambana masewera 20 kuposa amene wagonja, ndipo kunena zoona ndi oposa pamenepo, pakuti nambala ikamakwera anzake akale aja amayamba kumpatsa zochepa. Achinyamata amawachitira chifundo: mpaka chaka chimene akwanitsa zaka 18, ngati sanafike 2300, mapointi awo amayenda mowirikiza. Komabe dzifunseni: kodi mphunzitsi wa kumudzi, amene ulendo wa ku mpikisano umamdyera ndalama za basi, malo ogona ndi chakudya, angasewere masewera angati owerengedwa pa chaka? Nanga ndani angamuuze lero osewera amene adzakumana nawo? Akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Nambala ili pachala.

Choipa chachikulu cha lonjezoli ndi chimene limachita mumtima. Chaka chimene ndidalonjeza zimenezi ndidayamba kusewera ngati munthu wosunga mazira m'thumba. Ndikakumana ndi wondiposa ndinkafulumira kumpempha kuti tigwirane chanza, tilepherane, ngakhale pamene bolodi linali lokomera ine. Ndikagonja sindinkafuna kuyang'ananso masewerawo. Pepala ndinkalipinda n'kuliika pansi pa sutikesi. Usiku ndinkatenga foni n'kusewera masewera a liwiro, a mphindi zitatu, makumimakumi, kuthamangitsa nambala ina ya pa intaneti imene siigwirizana n'komwe ndi ya FIDE. Ndinkadzuka maso ali psuu, ndi kukaima pamaso pa ana ndili wotopa.

Mathero ake adadza pa mpikisano wina wa kumapeto kwa chakacho. Ndidatsala ndi mfumu ndi msilikali mmodzi, kaja timakatcha poni, pamene mnzangayo, mwana wa sukulu, adatsala ndi mfumu yokha. Pofulumira ndidakankha msilikali patsogolo, mfumu yanga ikutsalira. Pomalizira mfumu yanga idali pa d6, msilikali pa e6, mfumu yake pa d8, ndipo nthawi yosuntha idali yanga. Ndidapita pa e7 ndi cheki, iye adalowa pa e8, ndipo pofuna kuteteza msilikali ndidaika mfumu pa e6. Mwanayo adakweza maso mwaulemu nati, "Aphunzitsi, ndilibe koyenda." Mfumu yake sidali pa cheki, koma idalibe kolowera, ndipo malamulo amati zikatero mwalepherana. Phunziro limene ndidalisowa tsikulo limatheka pa madzulo amodzi: mfumu itsogole, msilikali atsatire, ndipo mfumu ikakhala kutsogolo kwa msilikali wake pa mzere wachisanu ndi chimodzi yapambana, pokhapokha msilikaliyo akakhala wa m'mphepete mwa bolodi. Chaka chathunthu ndidathamangitsa mapointi 200, koma madzulo amodziwo sindidawapeze.

Tsono ine ndikuti lonjezani ntchito, chinthu chimene pa 31 December mungachiwerenge ndi chala popanda kunamizira munthu wina.

Ntchito yoyamba, imene ndiikhalira nthawi chifukwa ndiyo mutu wa zonse, ndi kulemba masewera anu ndi kuwabwereza. Gulani kope la masamu. Kalembedwe kake nkosavuta: tizipinda 64 ta pabolodi tili ndi maina, zilembo a mpaka h kupingasa ndi manambala 1 mpaka 8 kukwera. Lonjezani kuti mudzasewera masewera amodzi odekha sabata iliyonse, aliyense wa inu ali ndi theka la ola kapena kuposerapo, ndi kuwalemba onse. Pa chaka amenewo ndi masewera 52; mukafika 40 musadzidandaule, poti pali maliro, pali nthawi yokolola, pali mayeso ochonga. Tsiku lotsatira yalani bolodi nokha, tsatirani zimene mudalemba, ndipo pamene zinthu zidayamba kupotoka lembani m'mau anu chimene munkaganiza pa nthawiyo. Musalembe kuti "ndidalakwa" chabe. Lembani kuti "sindidaone kuti kavalo angabwerere m'mbuyo," kapena "ndidaopa munthuyo chifukwa cha mbiri yake." Pakatha miyezi itatu werengani kope lonse. Mudzadabwa kuona kuti zolakwa zanu si zambiri ai; ndi ziwiri kapena zitatu zomwezo zimene zimangosintha malaya.

Amene adaikuza njira imeneyi ndi Mikhail Botvinnik wa ku Soviet Union, injiniya wa magetsi amene adakhala katswiri wa dziko lonse mu 1948. Mu 1960 adagonja kwa Mikhail Tal, mnyamata wa zaka 23 wosewera ngati moto wolusa, ndi mapointi 12½ kwa 8½. Botvinnik adakhala pansi, adafufuza masewera onsewo, adapeza mitundu ya masewera imene Tal sankaikonda, ndipo mu 1961, ali ndi zaka 49, adalandanso ufumu wake ndi 13 kwa 8. Tisabise kuti Tal adali kudwala impso pa nthawiyo. Komabe zomwezi Botvinnik adazichitanso kwa Vasily Smyslov, amene adamgonjetsa mu 1957 n'kugonja kwa iye mu 1958. Munthu ameneyu, poona kuti utsi wa fodya unkamsokoneza, adapempha mnzake Ragozin kuti azimuuzira utsi kumaso pokonzekera. Ndipo pa sukulu yake ya tchesi padadutsa Karpov, Kasparov ndi Kramnik, onse atatu akatswiri a dziko lonse pambuyo pake.

Wina adzati masiku ano kompyuta imakuuza zolakwa zako m'kamphindi. Inde, chiyambire 1997 pamene makina a Deep Blue adagonjetsa Kasparov, makina apitirirabe kukula mphamvu, ndipo lero Stockfish, imene aliyense angaigwiritse ntchito kwaulere pa Lichess, palibe munthu angaime nayo. Koma mphunzitsi aliyense amamdziwa mwana amene amayamba ndi kuona mayankho kumapeto kwa buku. Yambani mwavutika nokha, makina muwafunse pambuyo.

Ntchito yachiwiri ndi mathero a masewera. José Raúl Capablanca wa ku Cuba, katswiri wa dziko lonse kuyambira 1921 mpaka 1927, ankalangiza ophunzira kuyambira kumapeto, pamene pabolodi patsala zinthu zochepa ndipo choona chimaoneka poyera. Apa lonjezo limayezeka bwino. Mfumu ndi mfumukazi zimakola mfumu yotsala yokha posuntha kosapitirira ka 10 ngati ukusewera molondola. Mfumu ndi nsanja kosapitirira ka 16. Malamulo amati mukasuntha ka 50 aliyense popanda kudya kanthu kapena kusuntha msilikali, mnzanu akhoza kupempha kuti mulepherane. Kodi mungakole mfumu ndi nsanja wotchi ikuthamanga, anthu atakuzingani? Yesani usiku uno. Amene adakulira pa bawo amadziwa kale mwambo wake: mkulu wodziwa sagwira nkhomo asanawerenge kumene dzanja likathere.

Za matsegulidwe sindinena zambiri. Anyamata amawakonda chifukwa ali ndi maina okoma, ndipo amaloweza mizere yaitali ya Sicilian ngati ndakatulo, koma mnzawo akangopatuka pa kusuntha kwachisanu amasowa kolowera. Sankhani amodzi mukakhala ndi zoyera, awiri mukakhala ndi zakuda, ndipo musawasinthe chaka chonse.

Sindikunena kuti nambala ilibe ntchito. Amon Simutowe wa ku Zambia, woyamba kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kulandira ulemu wa Grandmaster, adakwaniritsa mayeso ake omaliza mu 2007, koma ulemuwo adaulandira mu 2009, pakuti lamulo limafunanso kuti munthu afike pa mapointi 2500. Kwa munthu wotere nambala ndi chipata chenicheni. Ndivomerezanso kuti mwana amasangalala poona nambala yake ikukwera, monga amachitira ndi malikisi. Koma inu aphunzitsi anzanga amene mumayang'anira timagulu ta tchesi pa sukulu, mukapachika pakhoma mndandanda wa opambana okha, ana atatu apamwamba adzakhalabe, otsalawo adzathawira ku mpira teremu isanathe. Pachikaninso mndandanda wina pambali pake, wa amene alemba ndi kubwereza masewera ambiri. Mndandanda umenewo ngakhale mwana wa pansi penipeni angautsogolere.

Kwa inu amene mwamaliza sukulu ndipo mukudikira zotsatira kapena ntchito, miyezi imeneyi ndi yaitali, ndipo ndikudziwa mmene tsiku limalemerera munthu akasowa chodzukira. Bolodi lojambula pa katoni ndi zitsekerero za mabotolo zolembedwa maina zikwanira. Pezani mnzanu mmodzi wokuposani pang'ono, mupangane tsiku.

Langa lonjezo ndalilemba pa tsamba loyamba la kope latsopano: masewera 40 olembedwa ndi kubwerezedwa, ndi madzulo a Lachitatu lililonse pa mathero a nsanja ndi asilikali. Mapepala aja a pansi pa sutikesi ndawatulutsa. Alipo 17, ndipo onse ndi a masewera amene ndidagonja. M'chigawo chotsatira tidzayala limodzi mwa iwo pabolodi, tidzaone pamodzi pamene padayambira vuto.