Thonje ndi lathu, malaya ndi a kaunjika

Achinyamata anzathu, tamvani izi. Kuyambira 1981, IMF ndi World Bank ankatikongoza ndalama koma ndi malamulo awo: tsegulani zipata, tsitsani msonkho wa katundu wakunja. Mu 1995 tinalowanso WTO.

Mapeto ake? Thonje la ku Chikwawa ndi Balaka limatuluka lisanasanduke nsalu, ife n'kumasaka madola ogulira mabelo a kaunjika. Fakitale ya David Whitehead ku Blantyre, yomwe inkalemba anthu masauzande, inafooka mpaka kugulitsidwa mu 2003. Ntchito tikuzisowa lerozi, madigiri ali m'manja, ndi zomwezo.

Mavenda sitikulimbana nawo ayi, akudyetsa ana. Chomwe tikufuna n'chimodzi: pangano lililonse la malonda lizikambidwa ku Nyumba ya Malamulo lisanasainidwe, tonse tikumva.

Tumizani m'magulupu onse!